Kwa mdzukulu amene malume ake anamulanda buku

Mdzukulu wanga, kalata yako ndaiwerenga kawiri. Ukuti malume ako anakupeza uli pa buku la nkhani yopeka mbale zisanatsukidwe, anakulanda n'kunena kuti zimenezo ndi mabodza a anthu osowa chochita, sizinasinthepo kanthu padziko pano. Iwe unawayankha mokweza mawu, ndipo mpaka lero simukulankhulana. Ukufunsa kuti wolakwa ndani.

Pa mbalezo wolakwa ndiwe, tisazungulire. Pa mawu okwezawo ndiwenso. Koma pa za mabodzazo malume ako aphonya, ndipo khala pansi ndikuuze chifukwa chake.

M'chaka cha 1850 ku America kunakhazikitsidwa lamulo loti kapolo wothawa kuchokera kum'mwera azigwidwa ngakhale atafika kumpoto, kumene ukapolo unali utathetsedwa kale. Munthu womubisa kapena kumuthandiza ankatha kulipitsidwa madola 1,000 ndi kukhala m'ndende miyezi isanu ndi umodzi. Wogwidwayo sankaloledwa kudziperekera umboni. Woweruza mlanduwo ankalandira madola 10 akamubweza kwa mbuye wake, koma madola 5 okha akamumasula. Wekha ukuona kumene sikelo inkapendekera. Usayese kuti ndi za kutali zokha ayi: m'zaka za m'ma 1800 momwemo anthu athu ankawolotsedwa nyanja pa Nkhotakota, ulendo wokagulitsidwa ku Kilwa.

Mayi wina, Harriet Beecher Stowe, anali atakhala zaka 18 mumzinda wa Cincinnati, m'mbali mwa mtsinje wa Ohio. Tsidya linalo ndi Kentucky, dera la ukapolo. Mu 1849 mwana wake wamwamuna anamwalira ndi kolera asanakwanitse zaka ziwiri. Mayiyu analibe mpando m'boma, ndipo akazi masiku amenewo sankavota. Anatenga cholembera. Nkhani yake, Uncle Tom's Cabin, inayamba kutuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala ya The National Era mu 1851, kenako inasindikizidwa ngati buku mu Malichi 1852. Chaka choyamba chokha mabuku pafupifupi 300,000 anagulidwa ku America, ndipo ku Britain anapitirira miliyoni.

Ambiri amakumbukira Eliza, kapolo wothawa wa m'nkhaniyo, akuwoloka mtsinje uja podumphadumpha pa madzi oundana, mwana ali m'manja, ogula anthu ali m'mbuyo. Ine chimene chimandigwira mtima ndi cha pambuyo pake. Phungu wina wa nyumba ya malamulo, a Bird, wangobwera kumene kokavomereza lamulo loletsa kuthandiza othawa. Wakhala pamoto, akufotokozera mkazi wake kuti lamulolo n'lofunika pa mtendere wa dziko, asamaganize ndi chisoni chokha. Nkhani isanathe, wantchito akuitana mayi kukhitchini. Kumeneko kwagona Eliza, zovala zong'ambika, phazi likuchucha magazi. Atatsitsimuka anafunsa mayi wa m'nyumbamo ngati anatayapo mwana. Banjalo linali litaika mwana m'manda mwezi umodzi wokha wapitawo. Phungu uja, wa mfundo zambiri uja, ndiye anauza mkazi wake kuti atsegule m'kabati mmene anasungamo tizovala ta malemuyo apatse mwana wa Eliza. Usiku womwewo anakwera ngolo m'matope kukamubisa, kuswa lamulo lake lomwe.

A Bird sanakhaleko, ndi munthu wa m'mutu mwa wolemba. Koma owerenga kumpoto anali a Bird enieni: anthu opemphera, osakonda phokoso, amene mawu oti "kapolo wothawa" ankangowaona papepala. Bukulo linawaikira munthuyo pakhomo, ali ndi dzina ndi mwana. Pajatu kapolo wosadziwika dzina ungathe kumuiwala ukamadya, koma Eliza ayi.

Eni akapolo ananena zomwe ananena malume akozo, kuti ndi mabodza. Mayi Stowe sanayankhe mwaukali. Mu 1853 anatulutsa buku lina, A Key to Uncle Tom's Cabin, lodzaza ndi malamulo, milandu ya m'makhoti ndi zolengeza za m'nyuzipepala, kusonyeza pamene nkhani yake inatsamira. Ndipo ukafuna kudziwa ngati chinthu chili ndi mphamvu, ona mmene adani ake akuchiopera. Kum'mwera analemba mabuku awo ambiri oyamikira ukapolo pofuna kulitsutsa. Ku Maryland mu 1857, Samuel Green, mlaliki wakuda amene sanalinso kapolo, anagamulidwa zaka khumi m'ndende chifukwa chopezeka ndi bukuli m'nyumba. Bodza wamba samangira munthu zaka khumi.

Tsono usathamange kukauza malume ako kuti buku linathetsa ukapolo, angakugwire pakamwa. Lamulo silinagwedezeke msanga. Mu 1854 Anthony Burns anagwidwa ku Boston n'kubwezedwa ku Virginia, ngakhale zinatengera asilikali ambirimbiri kuti amudutsitse pakati pa khamu lokwiya. Chaka chotsatira dera la Massachusetts linapanga lamulo lake lolepheretsa kugwira othawa, koma mu 1857 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Dred Scott, linagamula kuti munthu wakuda si nzika. Panafunika nkhondo ya 1861 mpaka 1865, imene inapha anthu oposa 600,000. Lamulo la othawa lija linafafanizidwa mu 1864, ndipo ukapolo unaletsedwa m'malamulo aakulu a dziko mu Disembala 1865, anthu pafupifupi mamiliyoni anayi n'kukhala mfulu. Mutu umodzi susenza denga. Panali akapolo othawa, ngati Frederick Douglass amene analemba za moyo wake weniweni mu 1845, panali alaliki, panali asilikali akuda. Bukulo linalima munda, okolola anali ambiri. Lilinso ndi zilema zake, moti anthu akuda a ku America ambiri sakondwa ndi mmene linawajambulira, ndipo dzina la Tom, kapolo amene bukulo linatengera dzina, linasanduka chitonzo cha munthu wogonjera azungu.

Nanga kwanuko? Mawa dzuka usanadzutsidwe, usese, utsuke mbale. Madzulo akadya, pita ukagwade upepese chifukwa cha mawu aja, za bukulo usazitchule n'komwe. Malume ako anakula ndi nthano za pamoto, anayankhapo "tili tonse" ali mwana, ndipo sanafunsepo ngati Kalulu analikodi. Pakapita masiku awiri kapena atatu, uwapemphe akufotokozere nthano imodzi imene agogo awo ankakonda. Akamaliza, uwafunse mwaulemu ngati ungawawerengereko mutu umodzi wa buku lako lija. Usankhe waufupi.