Kodi dzina loti laurus lidachokera ku mawu otanthauza chitamando?

Mayi wina amene akuphunzira Chilatini payekha wandilembera imelo kufunsa ngati laurus, dzina la mtengo umene masamba ake Aroma ankalukira nkhata yoveka kumutu kwa wopambana nkhondo, lidachokera ku laus, mawu otanthauza chitamando.

Mayi, simuli nokha pa ganizoli, pakuti Isidore, bishopu wophunzira kwambiri wa mumzinda wa Seville ku Spain, amene adamwalira mu 636, adalemba zomwezo. Komabe akatswiri a zinenero masiku ano salivomereza, ndipo ine ndili kumbali yawo, chifukwa mawu awiri akhoza kumveka mofanana popanda ubale uliwonse. Ambiri amakhulupirira kuti Aroma adabwereka dzinali ku chinenero china chakale cha m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kumene mtengowu umamera wokha, ndi kuti mwina dzina lake la Chigiriki, daphne, lidachokera komweko. Kusinthana kwa d ndi l kudalipo ndithu m'Chilatini: lingua, lilime, poyamba lidali dingua, ndipo lacrima, msozi, lidali dacruma.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi ulendo wa mawuwa Chilatini chitabala zinenero zina. M'Chilatini ngakhale mayina a zinthu amagawidwa m'magulu monga aamuna ndi aakazi. Ngakhale laurus limathera ndi -us monga mayina ambiri aamuna, dzinali ndi lachikazi, monganso pinus ndi ficus, mayina a paini ndi mkuyu. Motero anthu ankati illa laurus, "mtengo uja", pakuti illa ndiye "uja" wa mayina achikazi, ndipo pakamwa pa Ataliyana mawu awiriwo adamatirirana n'kukhala alloro. Chifalansa chakale chinkati lorier, koma Angerezi atalitenga adasandutsa r wotsiriza kukhala l, n'kupeza laurel. Ife amene timasinthanitsa l ndi r tsiku ndi tsiku sitingadabwe nazo.

Mu 1753 Linnaeus, katswiri wa zomera wa ku Sweden, adapatsa mtengowu dzina la sayansi loti Laurus nobilis, ndipo tsamba lake louma, lolimba ndi lonunkhira lija ndi limene ophika amaponya mu msuzi wa nyama n'kulivuula asanapakule. Ulemu wakewo sudathe ayi. Wandakatulo Petrarch adavekedwa nkhata yake ku Rome mu 1341, ndipo mpaka lero digiri ya ku yunivesite ku Italy imatchedwa laurea, moti wophunzira akamaliza amayenda mumsewu atavala masamba obiriwirawo kumutu, abale ake akumujambula zithunzi.