Musasankhe sukulu ya mwana pa Zillow, chonde

Achemwali ena andilembera imelo, akuti apeza ntchito ya unamwino kuno ku Indiana ndipo akubwera ndi ana awiri, wazaka 8 ndi wazaka 13. Aona pa intaneti kuti sukulu zaboma za mu South Bend zili ndi manambala otsika komanso akuti "muli ana osakanikirana kwambiri", ndiye akufunsa ngati kuli bwino angosaka nyumba ku Granger, dera la anthu opeza bwino pafupi ndi South Bend, ngakhale lendi yake ili yoboola m'thumba.

Achemwali, imelo yanuyi yandikhudza penapake, mundipirire nditalikitsako.

Ifenso titangofika tinkachita zomwezo, usiku onse pa foni kuyang'ana nyumba pa Zillow, pansi pa nyumba iliyonse pali kanambala ka GreatSchools, tsamba lopatsa sukulu malikisi, kochokera 1 mpaka 10, ukaona 3 mtima phaa ngati mwana walephera kale. Koma ndalama za ku dera la 9 panalibe, tinalowa komwe thumba linalola. Tsiku lolembetsa anatipatsa fomu yofunsa chilankhulo chomwe mwana amayankhula kunyumba, ine ndinalemba Chichewa poti ndi zoona, basi mwana wanga amene anachokera ku sukulu ya pulaiveti ku Lilongwe komwe ukayankhula Chichewa amakupatsa chibalo anamutenga kukamuyesa Chingerezi ndi mayeso aja a WIDA. Ndinapsa mtima zedi, ndinapita ku ofesi nditavala nkhope ya maliro, mayi wa pa desikiyo sanafune n'kundiyang'ana komwe, anangoti ndi lamulo. Ndipo ndi lamulodi, ukangotchula chilankhulo china amayenera kumuyesa mwanayo. Anapezeka kuti kuyankhula ali bwino koma kulemba akuperewera pang'ono, ndiye anamuika pa gulu la ophunzira Chingerezi ndipo mphunzitsi amene ankawathandiza, mzimayi wachikulire ndithu, ndi amene anamusandutsa mwanayo kukhala wokonda mabuku mpaka pano timalimbana kuti azimitse getsi agone. M'gulumo munali ana a ku Mexico, wina wa ku Congo, ndipo mnzake wapamtima mpaka lero ndi wa ku Honduras, amabwera kwathu kudzadya nsima ndi manja bwinobwino kuposa ana ena a Amalawi obadwira konkuno.

Sukulu imeneyo pa intaneti inali ya nambala yochititsa manyazi.

Nambalayi kwambiri imachokera ku mayeso a boma. Kuno ana a giredi 3 mpaka 8 amalemba ILEARN, yomwe inalowa m'malo mwa ISTEP mu 2019, ndipo m'boma lonse la Indiana ana amene amakhoza zonse ziwiri, Chingerezi ndi masamu, ndi pafupifupi atatu okha mwa khumi alionse. Boma lonse, kuphatikiza madera a anthu olemera omwe. Ndiye mukaona sukulu ili pa 25 peresenti musaganize kuti ana 75 mwa 100 sadziwa kuwerenga, mayesowo mpiringidzo wake anauika pamwamba. Chinanso, mukatenga mapu a zotsatirazi n'kuwaika pambali pa mapu osonyeza ana olandira chakudya chaulere kapena chotsika mtengo kusukulu, amene m'boma muno ndi pafupifupi theka la ana onse, mupeza kuti akufanana mochititsa mantha. District ya sukulu ya Penn-Harris-Madison, komwe ana ambiri a ku Granger amapita, imakhoza bwino inde ndipo sindikuinyoza, koma makolo ake ambiri ndi madokotala, ma injiniya, ophunzitsa ku yunivesite ya Notre Dame, mwana akamafika giredi 1 wawerengeredwa kale mabuku osawerengeka. South Bend ndi tauni yomwe inagwa msana fakitale ya magalimoto ya Studebaker itatsekedwa mu 1963, amene anali ndi ndalama anasamukira kunja kwa tauni pang'onopang'ono, ana akucheperachepera mpaka Clay High School anaitseka mu 2024. Zonsezo zili m'kati mwa kanambala kaja, koma sikakuuzani ngati mphunzitsi wa giredi 3 amadziwa ntchito yake.

Tsopano za "osakanikirana" zija, tiyeni tisanamizane. Ife Amalawi tikanena choncho timatanthauza kuti muli ana ambiri akuda a konkuno ndi a Chisipanishi, ndipo ndazimva kambirimbiri pa ma braai ndi ku tchalitchi, munthu wakuda bii ngati ine ndemwe akunena motsitsa mawu kuti ine mwana wanga sangaphunzire ndi amenewo. Zimandinyansa, ndinene poyera. Mu Indiana monse ana opitirira 60 mwa 100 m'sukulu zaboma ndi azungu, koma mu South Bend azungu sakwana theka, ku Goshen ndi ku Elkhart komwe kuli mafakitale a ma RV (magalimoto okhala ndi pogona m'kati) ana a Chisipanishi ndi ochuluka zedi, kummwera kwa Indianapolis ku Perry Township kwadzaza ana ochokera ku Burma. Dziko lake ndi limeneli. Ndipo mwana wanu akakalowa sukulu ya azungu okhaokha palibe amene akamuone ngati Mmalawi wa ku Area 47 wochokera ku banja labwino, pa fomu adzachonga bokosi lomwelo la Black, ndipo kukhala wakuda yekha m'kalasi uli ndi zaka 13 ndi katundu wolemera amene sawerengedwa pa mayeso alionse. Ndaona ana otere atasiya kuyankhula, tsitsi akulibisa, dzina lawo lomwe akulidula kuti lisavute anzawo.

Komanso ife tinazolowera za kwathu, kuti mwana akasankhidwira ku national secondary ndiye wawina, akapita ku CDSS ndiye basi tiziyamba kumufunira za utelala. Maganizo amenewo timakwera nawo ndege. Kuno m'sukulu imodzi yomweyo muli misewu ingapo, mwana wina akutenga makalasi apamwamba okonzekera ku koleji otchedwa AP kapena IB, ngati ku John Adams High School mu South Bend momwemo, wina akungodutsa, ndiye nkhondo yeniyeni ndi yoti mwana wanu alowe makalasi ati, ndipo amene sapita kukafunsa mwana wake amangoikidwa paliponse.

Ndiye mutani?

Wazaka 8 uja mwina alowa giredi 3, ndipo kumeneko kuli IREAD, mayeso a kuwerenga. Lamulo la 2024 likuti wolephera, atapatsidwa mwayi wobwereza, asapite giredi 4, koma ophunzira Chingerezi amene sanakwanitse zaka ziwiri akuthandizidwa lamuloli limawapatula, choncho pa fomu ija lembani zoona, musabise Chichewa. Lowani pa Indiana GPS, tsamba la boma, muone mmene ana akukwerera chaka ndi chaka osati ongokhoza okha, muonenso mmene ana akuda ndi ophunzira Chingerezi akuchitira pa sukulu yomwe mukuifunayo, nthawi zina sukulu yotchuka imakhala ikuwalephera ana ngati anuwo. Mutha kukhala mu South Bend n'kupempha malo ku district ina ngati alipo, kungoti mayendedwe amakhala anu, ndipo ndi ma shifiti a usiku a unamwino komanso sinowo ya mu Januwale muganize kawiri. Ma voucha a Choice Scholarship, ndalama za boma zothandiza pa fizi ya sukulu za pulaiveti, aliponso kuyambira 2011 ngati mukufuna sukulu za Katolika zomwe kuno n'zambiri. Za wamkuluyo, mufunse msanga za 21st Century Scholars, thandizo la boma la fizi ya ku koleji, zimatengera malipiro ndi mapepala anu koma khomo lake ndi giredi 7 ndi 8 basi.

Lendi ya chaka chimodzi kaye, musasaine zazitali musanalowe m'sukulumo ndi mapazi anu nthawi ya phunziro. Mukafika mundiuze, ufa woyera tikudziwa kogula.