Zam'mphuno mwa ngamila zija, ndi mphutsi kapena mbozi?

Funso: Aphunzitsi, ndikuphunzira za ziweto ndiye tafika pa Cephalopina titillator, ntchentche imene ana ake amakhala m'mphuno mwa ngamila. Pa Chichewa ndinene kuti mphutsi, mbozi kapena nyongolotsi? Nanga tiziwalo take tooneka pa maikulosikopu tija?

Yankho: Koma funso ili landikomera bwanji. Nyongolotsi ichotseni kaye, ija ndi yam'dothi yowedzera nsomba, sisanduka kanthu. Mbozi imadya masamba. Mwana wa ntchentche ndi mphutsi basi, olo akhale m'mphuno mwa ngamila ya ku Sudan kapena ku Somalia. Zomwe sindifuna kumva ndi "malava" (kuchokera ku Chingerezi larva) zomwe ana asukulu mwayamba kulemba m'makopemu, ulesi weniweni, agogo anga mbuzi ikamayetsemula nkumatuluka mamina ankangoti ili ndi mphutsi m'mutu, ndipo sankanama chifukwa ija ndi mphutsi ya ntchentche yotchedwa Oestrus ovis, pachibale ndi ya ngamilayi.

Tiziwalo tija mawu ake alipo kale. Kukamwa kuli tingowe tiwiri takuda topindika tomwe imakolera nato kukhosi kwa ngamila. Ena akuti timbedza, sindiwatsutsa, koma ngowe imakola nkukoka ndiye ine ndasankha ngowe. Pathupi samalani, mphutsi yokhwima, ya msinkhu wachitatu, imafika masentimita ngati 3 ndipo ili ndi tizotupa tosongoka ta mnofu m'mphindi zake, timenetu si minga ayi. Timinga tenitenito ndi tating'ono kwambiri, mpaka muyang'ane pa maikulosikopu. Kumbuyo kuli timbale tiwiri takuda ta mabowomabowo, lembani kuti mopumira. Eya, imapumira kumatako poti mutu uli bize kudya, musachite manyazi kulemba.

China, musalembe kuti ntchentcheyi imaikira mazira. Yaikazi imathira timphutsi tamoyo kale m'mphuno, tikakhwima patapita miyezi ngamila imatiyetsemulira pansi nkukasandukira m'dothi.

Ngamila weniweniyo ndi mawu obwera, aSwahili amati ngamia, kuchokera ku Chiluya jamal, ndipo ambirife tinayamba kuwamvera kutchalitchi nyamayo tisanaioneko olo pa chithunzi. Kubwereka kotero ndilibe nako vuto poti tinalibe lathu. Maikulosikopu nayenso ndamulola, "makina oonera tinthu tosaoneka ndi maso" mungathe mpweya kalasi isanathe. Koma malava ayi, ndikaona ndidula mamalikisi.