Galu Wotsogolera Munthu Wosaona: Yankho kwa Achemwali a ku Rosettenville

Achemwali ena a ku Rosettenville, dera la mu Johannesburg, andilembera imelo. Akuti achimwene awo adasiya kuona chifukwa cha matenda a shuga, ndipo masiku ano amangobindikira m'chipinda. Funso lawo ndi loti, kodi angagule kagalu n'kukaphunzitsa okha kuti kaziwatsogolera?

Achemwali, zophunzitsa nokhazo musayese. Galu wa ntchito imeneyi si uja wa kumudzi wodya mkute n'kumauwa usiku. Konkuno ku Johannesburg kuli bungwe la South African Guide-Dogs Association for the Blind, lomwe mayi Gladys Evans adaliyambitsa mu 1953, ndipo malo ake ophunzitsira ali kumbali ya Sandton. Agalu ake ambiri ndi a mtundu wa Labrador ndi Golden Retriever. Kagalu kakangotha miyezi iwiri kamapita kubanja lodzipereka, komwe kamakhala chaka kapena kupitirirapo kuti kazolowere phokoso la magalimoto, masitepe ndi chigulu cha anthu m'mashopu. Kenako pamabwera miyezi ingapo ya maphunziro enieni, ndipo si onse amene amakhoza.

Koma nachi chimene ambiri sadziwa: galu sadziwa kumene mukupita. Maloboti sawerenga. Amene amamvetsera magalimoto n'kulamula kuti tiwoloke ndi munthuyo. Ntchito ya galu ndi kuima pamene msewu wayambira, kulambalala dzenje, kupewa nthambi yolendewera imene ingamenye mwini wake pamphumi. Ndipo akalamulidwa kuwoloka pamene takisi ikubwera mwaliwiro, amakana dala, miyendo nji! Kukanako amachita kumuphunzitsa. Ndani wa ife angaphunzitse zimenezo kuseri kwa nyumba ya lendi?

N'chifukwa chake ndikuti achimwene ayambe ndi ndodo yoyera. Bungwe lomweli limaphunzitsanso kayendedwe ka ndodo. Munthu adziwe kaye njira ya kuchipatala, ya kutchalitchi, ya kokwerera takisi. Galu amadzangowonjezera liwiro ndi kulimba mtima.

Muganizirenso za pakhomo. Galuyu amagona m'nyumba, osati panja, ndiye kambiranani ndi eni nyumba. Chakudya ndi katemera zimafuna ndalama mwezi ndi mwezi. Akavala chomangira chake cha ntchito, ana asamuseweretse kapena kumuponyera mafupa, chifukwa akatembenuka pang'ono munthu wagwa.

Za kubwezedwa pakhomo la sitolo chifukwa cha galuyo musade nazo nkhawa kwambiri. Lamulo la dziko lino la mu 2000 lolimbikitsa kufanana limaletsa kusala anthu olumala, ngakhale alonda ena amavutabe mpaka utawafotokozera.

A bungwe lija amaphunzitsanso agalu othandiza anthu oyenda pa njinga ya olumala, otola zinthu zikagwa ndi kutsegula zitseko, komanso a ana a autism, vuto lochititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi ena. Muwaimbire, mufunse zoyenera kuti mlendo wochokera ku Malawi alembetse, ndipo mutenge kalata ya dokotala wa maso.