Masika akwana: zomata, zodinda ndi zoumba za ana a ku esikolinya

Mayi ena amene amayang'anira ana pa esikolinya (sukulu ya mkaka) ina ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, atilembera imelo. Akuti ali ndi ana 24 a zaka 3 mpaka 5, ndalama zogulira penti, guluu ndi mapepala palibe, ndiye akufunsa kuti masika ano anawo angapange chiyani ndi manja awo choti n'kudzaonetsa makolo pa 1 Juni, tsiku la ana.

Mayi, kuyambira Epulo mpaka Juni zipangizo zanu zili m'munda ndi pankhokwe pompo: makoko a chimanga, zitsononkho, mapesi, nthanga za maungu, dongo. Ntchito zoterezi zikakanika, kawirikawiri cholakwika chimakhala kakonzedwe ka zinthuzo ana asanafike, choncho tiyambire pamenepo.

Guluu muphike nokha. Sungunulani masupuni akulu 2 a ufa wa chinangwa m'kapu imodzi ya madzi ozizira, ikani pamoto wochepa, muzitakasa kwa mphindi 4 kapena 5 mpaka phalalo litayamba kunanda. Mukathira ufa m'madzi otentha kale limachita mibulu. Ufa wa tirigu, ngati muli ndi abale ku Tsangano, umagwiranso bwino, koma ufa woyera wa chimanga musavutike nawo, ukauma umangoyoyoka. Kuphikako n'kofunika chifukwa ana amanyambita zala, ndipo chinangwa chowawa chosaphika si chabwino m'mimba. Guluuyu amasasa pakapita masiku awiri, ndiye muziphika wochepa.

Penti ndi guluu yemweyo wosakaniza ndi mtundu: masupuni 3 a katondo wosefa, supuni imodzi ya guluu, ndi timadzi pang'ono. Wakuda sinjani makala, wotuwa sefani phulusa lozizira, koma phulusalo lisachuluke poti limaumitsa khungu. Mukapanda kuikamo guluu, chojambulacho chikauma dothi lonse limagwa.

Ana a zaka 3 apatseni zodinda basi. Chitsononkho chochiviika m'penti n'kuchigubuduza pa katoni chimasiya timizere tokongola, ndipo chimakwana bwino m'kadzanja kawo. Mbatatesi yodula pakati, imene kwanuko siisowa, imadinda zozungulira. Muiumitse kaye pansalu mukangoidula, apo ayi madzi ake amasungunula penti n'kumaterereka. Mapepala a m'kope amang'ambika akanyowa, pemphani makatoni akale kwa ogulitsa pamsika. Ana amsinkhu umenewu mphindi 15 zawakwanira, wina akadzuka n'kupita kukasewera musam'kakamize kubwerera.

A zaka 4 ndi 5 ndiwo angathe chidole cha makoko, ndipo apa tifotokoze mofatsa. Makoko ouma amathetheka mukawapinda, choncho aviikeni m'madzi ofunda kwa mphindi 15, kenako muwapukute. Mwana aliyense atenge makoko 6, awasanjikize, inu mumange ndi luzi kunsonga. Iye atembenuze makokowo kuti akute mfundoyo, mumangenso chapansi pang'ono, mutu wapezeka. Khoko lina alipinde ngati ndudu, alilowetse chopingasa pansi pa khosi kukhala mikono, mumange m'chiuno. Tsitsi ndi ndevu za chimanga, maso ndi kakala. Mfundo zikhale zothina kwambiri chifukwa makoko akamauma amafota, ndipo chidole chomangidwa molekerera chimagwa mikono tsiku lachitatu. Yanikani pamthunzi podutsa mphepo masiku awiri. Mukaziunjika m'thumba zisanaume zimachita chuku.

Kumanga mfundo ana ambiri a zaka 4 sanakuthe, ndiye imeneyo ndi ntchito yanu. Zina zonsezo asiyireni. Timaona zidole 24 zofanana ndendende zitandandalikidwa pakhonde, aliyense n'kudziwa kuti anapanga ndi aphunzitsi usiku. Chidole chopendekeka mutu chimene mwana wavutika nacho yekha ndicho chalimbitsa zala zimene zidzagwire pensulo akadzayamba kalasi yoyamba ali ndi zaka 6.

Dongo la kudambo lisakanizeni ndi mchenga wosalala, magawo 3 a dongo pa gawo limodzi la mchenga, kuti ng'ombe ndi timiphika tisang'aluke. Miyendo ndi nyanga alowetsemo timitengo. Kuyanika padzuwa kumaumitsa kunja m'kati mudakali mwauwisi, n'chifukwa chake zimasweka. Ndipo poti m'mawa wa kumapiri a Angónia umazizira Meyi akamatha, zoumba muziyamba cha m'ma 10 koloko, ndi madzi ofunda.

Tsopano zoti musamale nazo. Nyemba, chimanga ndi nthanga za malambe zimalowa m'mphuno ndi m'khutu, zimatsamwitsanso, choncho zomata mbewu zikhale za a zaka 5 okha, m'kagulu ka ana 5 kapena 6 wamkulu ali pomwepo. Mbewu ikalowa m'mphuno kapena m'khutu musaitokose kapena kuthiramo madzi, poti nyemba imafufuma. Pitani naye kuchipatala. Chimanga chambewu chopaka utoto wofiirira kapena wobiriwira, ndi chimene chathiridwa mankhwala a anankafumbwe, chisafike m'kalasi. Nthanga za nsatsi zimakopa ana chifukwa cha mawangamawanga ake, koma ndi poizoni. Mukapita nawo kokatola masamba, pewani tchire la chitedze ndi mpanda wa nkhadze, umene utomoni wake umapweteka maso. Khungu la phesi limacheka zala, ndiye musende nokha, anawo muwapatse chofewa cha m'katicho alumikize ndi timitengo kukhala magalasi kapena kagalimoto.

Pokonzekera 1 Juni, sabata iliyonse ikhale ndi ntchito imodzi yokha, ndipo zoumba zikhale zoyamba poti zimachedwa kuuma. Lembani dzina la mwana kuseri kwa chinthu chake tsiku lomwelo, chifukwa pakapita sabata aliyense amati chokongolacho n'chake. Zomata ndi guluu wa chinangwa musazisiye pansi kapena pawindo, makoswe amazitha usiku umodzi. Kokani chingwe pakati pa chipinda, kutali ndi khoma, muzipachike pamenepo.