Kazitape ndi mzondi: yankho la azakhali

Eee, mwananga, ndalimva funso lako lija, lakuti kodi kazitape ndi mzondi n'chimodzimodzi. Pepa ndachedwa, ndinali kudimba.

Tamvera mawuwo bwinobwino: ka-zi-tape. Ukudziwa mmene timatapira ufa m'thumba ndi kambale? Ndiye ameneyu ndi munthu amene wauzidwa kuti pita, ukatape nkhani za eni ake, ubwere nazo kuno. Amakhala nanu, kudya nanu mbale imodzi, kuseka nanu, koma makutu ake ndi a wina amene wamutuma. Ntchito yakeyo ndiye ukazitape, ngati umene umamva pawailesi mayiko akamanenezana.

Mzondi ndi mawu a kutchalitchi kwambiri. Mose anatuma anthu 12 kukazonda dziko la Kanani, Yoswa anatuma awiri ku Yeriko, aja anabisidwa ndi Rahabi. Komatu kuzonda pakokha si koipa ayi. Dzulo lomweli ndinapita kukazonda wodwala, nditanyamula phala m'kontena. Kumeneko ndi kukaona munthu mwachikondi.

Koma kazitape, mwananga, mawu amenewa ife amatilasa pamtima. Agogo ako kazitape ankamutchula kuti kapirikoni, kuchokera ku gulu lina landale lotchedwa Capricorn, la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, 1953 mpaka 1963. Munthu akangotchedwa choncho, ngakhale moni pamsika ankamumana. Ife tinakulira nthawi ya Kamuzu, ya apayoniya ndi apolisi achinsinsi a Special Branch. Ndimakumbuka madzulo ena tili pakhonde, abambo akucheza ndi anzawo za mitengo ya feteleza. Anangotulukira mlendo wina n'kukhala pampando, onse zii. Amayi anandiyang'ana ndi diso lokha, ine n'kulowa m'nyumba. Mwina munthuyo analibe vuto lililonse, koma mantha anali atatilowa mpaka m'mafupa. Tinayamba kupuma pambuyo pa referendamu ya 1993.

N'chifukwa chake sindisangalala ndikamva ana akutchulana kazitape chifukwa wina wakanena kwa amake kuti mnzake waba shuga. Ameneyo ndi wongonenera basi. Wosuzumira pawindo kapena mufoni ya mwamuna wake, timangoti akusuzumira za eni. Wotenga za uku kukanena uko, za uko kubwera nazo kuno, ameneyo ndi mthirakuwiri.

Uwauzenso ana akowo zimenezi, ndipo Lamlungu undiimbire ndiwamve akuwatchula okha mawuwa.