Funsani Makaniko: Mapaipi a mabuleki pa galimoto yokwezedwa

FUNSO

Ndili ndi Toyota Land Cruiser yakale yomwe ndinaikweza ndi masentimita pafupifupi 8 poika masipuling'i ndi mashoko ataliatali. Posachedwapa nditainyamula ndi jeke pa chesesi, ndinaona kuti paipi ya labala ya mabuleki akumbuyo yakokeka mpaka kuwongoka, koma galimoto ikatsitsidwa pansi paipiyo imaoneka bwinobwino ndipo mabuleki akugwira. Kodi ndiyenera kuisintha? Nanga ndigule ya labala kapena yolukidwa ndi waya, ndipo ntchitoyi ndingaigwire ndekha?

Wowerenga wanu

YANKHO

Bambo, paipiyo isinthidwe galimoto isanalowenso mumsewu woipa. Zimene munaona itanyamulidwa ndi jeke zimachitika nthawi iliyonse tayala likagwera m'dzenje, kungoti pa nthawiyo inu mumakhala pachiwongolero. Kutalika kwa paipi ya mabuleki sikuyezedwa galimoto itaima pamalo osalala, koma pamene ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala awiri, yalendewera mpaka pomwe mashoko athera. Opanga galimoto anadula paipiyo molingana ndi mashoko akufakitale, ndiye inu mutaika ataliatali ekiselo inayamba kutsika kupyola pomwe paipi ingafike, moti ntchito yoletsa ekiselo kutsika, yomwe ndi ya shoko, tsopano ikugwiridwa ndi paipi. Labala amayamba kung'aluka pomwe anamufinyira ku chitsulo cha kumapeto, ndipo tsiku limene adzaphulike, chopondera mabuleki chidzamira pansi. N'zoona kuti mafuta a mabuleki amayenda m'njira ziwiri zosiyana kotero kuti mbali ina imatsala ikugwira, koma galimoto yolemera ngati yanuyi siima msanga ndi theka la mabuleki.

Musanagule chilichonse, yezani pa galimoto yanu yomweyo, chifukwa zimene zimalembedwa pa paketi kuti paipi iyi ndi ya galimoto yokwezedwa mwakuti sizidziwa mashoko amene munaika. Tsekerani matayala, nyamulani chesesi, ikhazikeni pa zochirikizira zachitsulo, ndipo musalowe pansi pa galimoto yodalira jeke yokha. Ekiselo italendewera, yezani mtunda wochokera pomwe paipi yachitsulo yathera pa chesesi kukafika pomwe ya labala imamangidwa, kenaka wonjezerani masentimita angapo kuti paipi yatsopano izikhala yokhota pang'ono ngakhale pamenepo. Kutsogolo pamafunika chidwi chochuluka: pindani chiwongolero mpaka kumapeto kumanja ndi kumanzere matayala ali lende, ndiponso kwezani tayala limodzi linzake likulendewera, popeza umu ndi mmene ekiselo imapendekera m'miyala. Ambiri amene amakweza ndi masentimita 5 okha amapeza kuti paipi yakufakitale ikukwanabe, kapena kuti kutsitsa kachitsulo koigwirira n'kokwanira, koma yanu yaonetsa kale kuti siikukwana.

Paipi yotalikitsa nayo ili ndi vuto lake, lomwe anthu amaliiwala. Masipuling'i akafinyika, paipi yotsalayo imapindikira kwina kulikonse, ndipo ikhoza kukhula tayala, kupanidwa pakati pa sipuling'i, kapena kuyandikira paipi ya utsi. Paipi yokhulidwa ndi tayala imabooka msanga kuposa yokokeka.

Pa funso la labala kapena waya, ine sindiona chifukwa chonyozera labala. Paipi ya labala yopangidwa motsatira muyezo wa SAE J1401, womwe umalembedwa pa paipi pomwepo, ndi yodalirika, ndipo ubwino wake ndi wakuti ikayamba kutha imaonetsa ming'alu kapena kutupa. Yolukidwa ndi waya imakhala ndi kapaipi ka pulasitiki wotchedwa Teflon mkati, sifufuma mafuta akapanikizika, choncho chopondera chimamveka cholimba kuphazi. Koma mchenga ukalowa pansi pa waya umadya kapaipi kamkatiko mosaoneka, ndipo wayayo amapala chilichonse chimene wakhudza. Ngati mwasankha yotere, tengani yokutidwa ndi pulasitiki kunja. Chimene sindingavomereze ndi kulumikiza mapaipi awiri akale kuti atalike, kapena kugula paipi yopanda chizindikiro cha muyezo uliwonse.

Ntchitoyi munthu wozolowera masipanala akhoza kuigwira. Tsukani polumikizirapo ndi kuthirapo mafuta omasula dzimbiri. Pondani chopondera mabuleki pang'ono n'kuchitsekera ndi mtengo kuti mafuta asathere pansi mukamasula. Nati ya paipi yachitsulo imafuna sipanala yake yapadera, yogwira pafupifupi mbali zonse ndi yong'ambika pang'ono kuti paipi ilowe, ndipo pa galimoto zambiri za ku Japan imakhala ya mamilimita 10. Sipanala wamba imabulungitsa natiyo, ndipo ntchito ya ola limodzi imasanduka yosintha paipi yonse yachitsulo. Masulani nati kachitsulo kopanira paipi kadakali pamalo pake. Pomanga, yambani ndi mbali ya kumunsi, ndipo ngati paipi imamangidwa ndi bawuti yabowo, ikani mawashala akopa atsopano mbali zonse ziwiri, chifukwa akale anafinyika kale ndipo amadontha. Nati iyambeni ndi zala musanagwire sipanala. Mzere kapena malemba amene ali pa paipi akhale owongoka, popeza akapotoka ndiye kuti paipi yapotoka. Mafuta a mabuleki amasupula penti, choncho akadonthera tsukani ndi madzi nthawi yomweyo.

Kenaka tulutsani mpweya m'mapaipi a mabuleki, kawirikawiri kuyambira tayala lomwe lili kutali kwambiri ndi master cylinder (pampu yokankha mafuta mukaponda mabuleki), pokhapokha buku la galimoto litanena zina. Thirani mafuta amene alembedwa pa chivindikiro, DOT 3 kapena DOT 4, ochokera m'botolo losatsegulidwa, pakuti mafutawa amayamwa chinyezi. Atsopano a DOT 4 sawira asanafike madigiri 230 Celsius, koma akamwa madzi amawira msanga pamtsetse wautali. A DOT 5 ndi a silikoni ndipo sasakanizidwa ndi enawa. Musalole kuti kathanki ka mafuta kaume, makamaka pa galimoto ya ABS (makina oletsa matayala kumangika mukaponda mabuleki mwamphamvu), chifukwa mpweya ukalowa m'menemo pangafunike makina a kompyuta kuti utuluke.

Pali china chimene simunafunse. Ma Land Cruiser ndi ma Hilux ambiri akale ali ndi valavu kumbuyo yolumikizidwa ku ekiselo ndi kamtengo kachitsulo, yomwe imachepetsa mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikakhala yopanda katundu. Mukakweza galimoto, valavuyo imaona ngati mulibe katundu nthawi zonse, ndiye pogwirira kamtengoko pa ekiselo payenera kukwezedwa molingana ndi mmene munakwezera galimoto. Onaninso chingwe cha handibuleki, mawaya a ABS ndi kapaipi kopumira ka ekiselo, zomwe zimakokeka chimodzimodzi.

Mukamaliza, pondani mabuleki mwamphamvu kwa theka la mphindi wina akuyang'ana polumikizira ponse. Ngati chopondera chikumira pang'onopang'ono kapena chikumveka chofewa, galimotoyo isayende mpaka makaniko ataiona.